Nyumba yoyera ya ku York Factory: mafunso ndi mayankho

Anthu akaona chithunzi cha chinyumba choyera chamatabwa chitaima chokha m'dambo la kumpoto kwa Canada, popanda msewu kapena mudzi pafupi, amafunsa mafunso ofananafanana. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira osavuta mpaka ofuna kukhalira pansi.

Kodi York Factory ndi chiyani, ndipo ili kuti?

Anali malo a malonda a zikopa a kampani ya ku England yotchedwa Hudson's Bay Company. Ali m'chigawo cha Manitoba, m'mbali mwa mtsinje wa Hayes, makilomita ochepa mtsinjewo usanathire m'nyanja ya Hudson Bay. Tauni yodziwika ya m'derali ndi Churchill, koma nayo ili pamtunda wa makilomita oposa 200.

Pakati pa zaka za m'ma 1800 panali nyumba zoposa 50. Lero yaikulu yotsala ndi imodzi, nyumba yosungiramo katundu imene amangoitcha Depot. Kupatula iyo pali kanyumba kena kakang'ono, mabwinja a nyumba yamiyala yosungiramo onga wa mfuti, ndi manda.

Ndiye inali fakitale? Ankapangamo chiyani?

Ayi, sinali fakitale ya makina. Mkulu woyang'anira malonda pamalo otere ankatchedwa factor, ndipo dzina la malowo linachokera pamenepo. Dzina loti York linali lolemekeza James, Duke wa ku York, amene anali bwanamkubwa wa kampaniyo ndipo pambuyo pake anakhala mfumu ya England. Amisiri analipo ndithu, osula zitsulo, okhoma migolo, opala matabwa ndi okonza mabwato, koma ntchito yawo inali yothandizira malonda basi.

Zikopa zake zanji zofika pomangira chinyumba chotere?

Makamaka za biva, kanyama kam'madzi ka mchira wophwatalala kamene kamagwetsa mitengo ndi mano n'kutseka nayo mitsinje. Ku Ulaya munthu wolemekezeka sankayenda wopanda chipewa, ndipo chipewa chapamwamba chinkapangidwa ndi ubweya wofewa wa biva, umene umakhala pansi pa ubweya wautali wakunja. Abiva a ku Ulaya komweko anali atatsala pang'ono kutha chifukwa chosakidwa, choncho maso onse anatembenukira ku North America.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zoyambirira chikopa chofunidwa kwambiri sichinali chatsopano. Chinali chimene mlenje wa mtundu wa Cree, umodzi wa mitundu ya eni dzikolo, wachivala kwa nyengo yozizira yathunthu kapena kuposerapo, ubweya utayang'ana m'kati. Kuvalako kunkathothola ubweya wautali uja, n'kusiya wofewa wokhawokha utanona ndi mafuta a thupi. Mwini wake ankagulitsa chovala chimene watopa nacho, munthu wa ku London n'kuchivala kumutu monyadira.

Ankagulanso zikopa za nkhandwe, akatumbu, mimbulu, zimbalangondo ndi tinyama tina ta ubweya wabwino.

Anamanga ndani, ndipo liti?

Apa tisiyanitse malo ndi nyumba. Kampaniyo inalandira chikalata chake kwa Mfumu Charles II pa 2 Meyi 1670. Chikalatacho chinaipatsa ufulu wochita malonda yokha m'dera lonse limene mitsinje yake imathira mu Hudson Bay, dera lalikulu zedi limene analitcha Rupert's Land. Eni nthaka sanafunsidwe kanthu.

York Factory yoyamba inamangidwa mu 1684, ndipo zaka zake zoyambirira zinali za kulandana ndi Afalansa. Mfalansa Pierre Le Moyne d'Iberville anailanda mu 1694, Angerezi anaibweza mu 1696, iye n'kudzailandanso mu 1697 atapambana nkhondo ya panyanja ali ndi sitima imodzi yokha yotchedwa Pélican. Afalansa anakhalapo, akuitcha Fort Bourbon, mpaka pangano la ku Utrecht la mu 1713 linaibwezera kwa Angerezi. Mu 1782 Afalansa anabweranso motsogozedwa ndi La Pérouse n'kutentha malowo.

Mu 1788 mkulu wa pamalopo, Joseph Colen, anayamba kumanga pamalo okwererako pang'ono chifukwa pakale paja madzi ankasefukira. Apo ndi pamene pali nyumba ya lero. Koma Depot yeniyeniyo si ya Colen. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1830, pang'onopang'ono, ndipo inatha cha mu 1838.

Chinachititsa kuti pafunike nyumba yaikulu chonchi ndi zimene zinachitika mu 1821. Chaka chimenecho Hudson's Bay Company inaphatikizana ndi mdani wake wamkulu pa malonda, North West Company ya ku Montreal. York Factory inali likulu la chigawo chonse cha kumpoto, ndipo kuyambira pamenepo pafupifupi katundu yense wolowa ndi zikopa zonse zotuluka zinkadutsa pakhomo limodzi lomweli.

Bwanji anasankha malo ovuta chotere?

Ovuta ndiye ndi ovutadi. Nyengo yozizira imatenga gawo lalikulu la chaka, ndipo ikatha pamabwera matope ndi udzudzu wosaneneka. Mitengo ya nkhuni pafupi inatha msanga, moti amuna ankathera miyezi akudula nkhuni kutali n'kuziyandamitsa pamtsinje. Ngakhale sitima sinkafika pakhomo chifukwa madzi ndi osaya. Inkaponya nangula pamalo otchedwa Five Fathom Hole, makilomita oposa 10 kuchokera pa nyumbayo, katundu n'kumatutidwa ndi ngalawa zing'onozing'ono.

Koma yang'anani mapu. Kuchokera ku Britain, njira yapanyanja yodzera mu Hudson Bay imakufikitsani pafupi ndi pakati pa North America kusiyana ndi njira ya ku Montreal, imene inkafuna kupalasa bwato makilomita zikwizikwi. Mitsinje iwiri, Nelson ndi Hayes, imathira m'nyanja moyandikana pamalo amenewa. Nelson ndi wamkulu koma wa mkokomo woopsa. Hayes ndi wofatsirapo, ndipo anthu a Cree ankayendamo kalekale mzungu asanafike. Kampaniyo inangotsata njira ya eni ake.

Nyumba yamatabwa yatha bwanji kuima zaka pafupifupi 200 pamalo otere?

Ili ndilo funso lokoma kuposa onse, ndipo yankho lake limayambira pa nyumba imene inalephera.

Nthaka ya kumeneko ndi youndana pansi chaka chonse. Chapamwamba chokha ndi chimene chimasungunuka nyengo yotentha n'kusanduka thope, kenaka n'kuundananso. Madzi akaundana amafufuma, choncho nthaka imatukuka kukazizira n'kutsika kukafunda, ndipo situkuka mofanana ponseponse. Ngodya ina ya nyumba imakwera, ina n'kutsalira.

Colen anamanga linga looneka ngati nyenyezi, limene linadzatchedwa Old Octagon, motsata kamangidwe ka malinga a asilikali a ku Ulaya, pa maziko ouma osagwedezeka. Nthaka inalipotoza mpaka pasanathe zaka 50 linayenera kugwetsedwa. Akatswiri ofukula zakale anapeza zotsalira zake pansi pa Depot m'zaka za m'ma 1990.

Omanga Depot anatengapo phunziro ndipo anasiya kulimbana ndi nthaka. Sanakumbe maziko akuya. Nyumbayo inakhazikidwa pa mitanda ikuluikulu yogonekedwa chapamwamba. Pansi popondapo sanapalumikize zolimba ku makoma, kuti nthaka ikatukula pansipo makoma asang'ambike. Pa nsanamira zochirikiza nsanjika ankakhomapo timatabwa tosongoka, toti nthaka ikatsika amatikhomera m'kati, ikakwera amatimasula. Pomwe mtanda ukumana ndi khoma anaikapo zogwirizira zokhota zosemedwa kuchokera pamene tsinde la mtengo limakumana ndi muzu, monga amachitira opanga sitima. Izi sizodabwitsa, popeza akalipentala ambiri a pamalopo anazolowera kukhoma mabwato, chinthu chimene chimayenera kupindika pang'ono pamafunde osathyoka.

China chinaithandiza n'chakuti munalibe moto, monga tifotokozere pa funso lotsatira. Nyumba yotenthetsedwa imasungunula nthaka ya pansi pake n'kuyamba kumira. Iyi inali yozizira m'kati ngati panja.

Boma la Canada limati iyi ndiyo nyumba yamatabwa yakale komanso yaikulu kuposa zonse zoima pa nthaka youndana m'dzikomo.

M'kati munkakhala chiyani? Anthu ankagonamo?

Simunkagona munthu. Inali nkhokwe ya dziko lonse la kumpoto, ndipo moto unali woletsedwa ndithu. Ikanapsa, malo a malonda ambirimbiri a kumtunda akanakhala chaka chathunthu opanda onga, nkhwangwa kapena bulangete, ndipo kumeneko kusowa zimenezi inali imfa. Choncho makalaliki ankawerenga katundu zala zitauma gwa ndi chisanu.

Nyumbayo ndi ya mbali zinayi, iliyonse ya mamita pafupifupi 30, ndipo pakati pali bwalo lopanda denga. Ndi yosanja kawiri, koma kutsogolo chapakati ndi yosanja katatu, ndipo pamwamba pali kansanja koonera ngati sitima yatulukira. Munkadzaza mabulangete aubweya, nsalu, mfuti, zipolopolo, mipeni, nkhwangwa, mapoto amkuwa, singano, mikanda, fodya, tiyi, shuga ndi ufa. Mitolo ya zikopa yochokera kumtunda inkayendedwa, kuwerengedwa ndi kupakiridwanso za ulendo wa ku London. Onga wokha ndi umene unkasungidwa patali, m'nyumba yamiyala ija.

Sitima yochokera ku Britain inkabwera kamodzi pachaka, nthawi zambiri mu Ogasiti, ndipo inkayenera kunyamuka mu Seputembala madzi asanaundane. Masabata ochepa amenewo anali a piringupiringu usana ndi usiku. Makalata a kumudzi nawo ankabwera ndi sitima yomweyo, ndiye kuti yankho la kalata imene mwalemba lero munkalilandira chaka chamawa.

Pamatabwa a m'kati mudakali maina ndi zithunzi zimene antchito ndi apaulendo anazokota.

Malonda ankayenda bwanji popanda ndalama? Kodi sikunali kubera anthu?

Muyeso unali chikopa chimodzi chabwino cha biva wamkulu, chimene ankachitcha made beaver. Chilichonse chinali ndi mtengo wake pa muyeso umenewu. Cha m'ma 1740 ku York Factory, mfuti inali zikopa 14 ndipo bulangete linali zikopa 7. Zikopa za nyama zina nazo ankaziwerengera pa muyeso womwewo.

Za kubera zija, kunalipo ndithu. Akuluakulu a pamalopo ankachepetsa muyeso wa nsalu, onga ndi fodya, ndipo phindu lapadera limeneli linkalembedwa m'mabuku a kampani popanda manyazi. Mowa waukali ankausungunula ndi madzi, ndipo mowawo unawononga mabanja ambiri, makamaka nthawi imene makampani awiri aja ankalimbirana alenje. Kunalinso ngongole: mlenje ankatenga katundu nyengo yozizira isanayambe n'kudzabweza ndi zikopa, ndipo chaka chikavuta ankakhala womangika ku kampani.

Komabe amalakwitsa amene amajambula anthu a Cree ndi Assiniboine ngati ana opusitsidwa ndi mikanda. Anali amalonda ochenjera. Ankakana mfuti zophulika ndi nkhwangwa zothyoka ndi chisanu, ankaumirira fodya wa ku Brazil osati wina aliyense, ndipo akaona kuti mtengo sukuwakomera ankaopseza kuti apita kwa Afalansa. Malonda sankayamba mwambo usanachitike: kusuta kaliwo pamodzi, kupatsana mphatso, ndi kuveka mtsogoleri wa gulu jekete ndi chipewa. Kwa zaka pafupifupi 90 kampaniyo inangokhala pagombe kudikira kuti eni dziko abweretse zikopa, ndipo iwo ndiwo ankapita ndi katundu kumtunda kukagulitsa kwa mitundu ina pamtengo wawowawo. Malo oyamba a kampaniyo kumtunda kwa dera lino, Cumberland House, anatsegulidwa mu 1774, itaona kuti amalonda a ku Montreal akuitsekera zikopa kutsogolo.

Katundu ankafika bwanji kumtunda?

Pa mabwato amatabwa amene anatenga dzina la malowa, ma York boat. Bwato limodzi linali lalitali mamita 12 kapena kuposerapo, losongoka mbali zonse, lonyamula matani angapo, lopalasidwa ndi amuna asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, ndipo panyanja ankakweza thanga. Njira inali yokwera mtsinje wa Hayes, kudutsa Oxford House, kukafika ku Norway House pafupi ndi nyanja ya Winnipeg. Kuchokera apo katundu ankagawika, wina kulowera kummwera ku Red River, wina kumadzulo kutsata mtsinje wa Saskatchewan, wina kumpoto kwenikweni.

Inali ntchito yothyola msana. Pokwera mtsinje amuna ankakoka bwato ndi chingwe akuyenda m'matope a m'mbali. Pa mathithi ankatsitsa zonse. Katundu ankamangidwa m'mitolo ya makilogalamu pafupifupi 40, ndipo munthu ankanyamula iwiri nthawi imodzi ndi lamba wodutsa pamphumi. Bwato lenilenilo silinkanyamulika, ankalikoka pamtunda pa zipika zogubuduzika.

Ankagwira ntchito pamalopo anali ndani?

Akuluakulu ndi makalaliki ambiri anali a ku England ndi ku Scotland. Antchito wamba ochuluka ankachokera ku zilumba za Orkney, chifukwa sitima za kampaniyo zinkaima ku Stromness kutunga madzi ndi kulemba anthu zisanawoloke nyanja. Pambuyo pake opalasa mabwato ambiri anali a Métis (mbadwa za azungu ndi akazi a komweko) ndi a Cree.

Koma amene anachititsa kuti azungu asafe ndi njala ndi mabanja a Cree okhala mozungulira malowo. Ndiwo ankawombera atsekwe zikwizikwi nyengo imene mbalamezi zimadutsa, n'kuwaika mchere m'migolo. Ndiwo ankasaka nyama, kupha nsomba ndi kunyamula makalata pachipale chofewa. Akazi awo ankasoka nsapato zachikopa ndi kuluka zopondera pachipale, zimene popanda izo mwamuna sakanayenda ngakhale kukadula nkhuni. Mabuku a kampani amalemba kwambiri za mabwana, koma mukawawerenga mofatsa muona kuti mphika wa tsiku ndi tsiku unkadalira anthu amenewa. Malipiro ena amene analandira anali matenda: nthomba ya mu 1781 ndi 1782 inapha anthu ochuluka zedi m'dera lonselo.

Mmodzi amene dzina lake linasungika ndi Thanadelthur, mtsikana wa mtundu wa Dene amene anagwidwa ukapolo ndi a Cree, n'kuthawa, n'kudzafika ku York Factory. Mu 1715 bwanamkubwa James Knight anamutumiza ndi gulu la a Cree kukayanjanitsa mitundu iwiriyi kuti malonda afike kumpoto. Gululo litafooka ndi njala, iye anapitirira yekha, anakapeza anthu a kwawo n'kubwera nawo kudzapangana za mtendere. Anamwalira ku York Factory mu 1717.

Amuna ambiri a kampaniyo anakwatira akazi a komweko mwa mwambo wa dzikolo, ndipo ena anakhala nawo moyo wonse. Ena ayi. Bwanamkubwa George Simpson mwiniwake anasiya Margaret Taylor, amene anamuberekera ana, n'kukakwatira msuweni wake Frances ku England mu 1830.

Ndi anthu ena ati odziwika amene anadzera pamenepa?

Henry Kelsey, wantchito wa kampaniyo, ananyamukira pano mu 1690 pa ulendo wake wa ku zigwa za kumadzulo, ndipo Anthony Henday anachita chimodzimodzi mu 1754. Gulu loyamba la atsamunda a Lord Selkirk linatsikira pano mu 1811 popita ku Red River, kumene lero kuli mzinda wa Winnipeg. John Franklin, Mngerezi wofufuza madera a kumpoto kwenikweni, anadutsa mu 1819.

Chinaigwetsa York Factory n'chiyani?

Zipewa zasilika zinayamba kulanda malo a zipewa za biva cha m'ma 1840, koma si chimene chinapha malowa, popeza zikopa zina zinkagulidwabe. Chinawapha ndi mayendedwe. Njanji za ku America zitayandikira ku St. Paul ku Minnesota, ndipo sitima za nthunzi zitayamba kuyenda pa mtsinje wa Red kuyambira 1859, kunakhala kotchipa kulowetsa katundu kudzera kummwera nthawi iliyonse kusiyana ndi kudikira sitima imodzi pachaka. Mu 1870 Rupert's Land inaperekedwa ku Canada, kampaniyo n'kulandira mapaundi 300,000. Pofika 1873 York Factory inali itasiya kukhala likulu.

Kuyambira apo inangokhala sitolo ya m'dera. Nyumba zosagwiritsidwa ntchito zinagwetsedwa imodziimodzi, zina n'kusanduka nkhuni. Njanji itafika ku Churchill mu 1929, panalibenso chifukwa choti katundu adzere kuno. Kampaniyo inatseka mu 1957, patatha zaka 273.

Nanga anthu a Cree amene ankakhala pamenepo anapita kuti?

Sitolo itatsekedwa analibenso kogulitsa zikopa kapena kogula ufa ndi zipolopolo. Boma linawasamutsira kumtunda, ambiri ku malo otchedwa York Landing, makilomita mazana angapo kuchokera kunyanja, kumene anakayamba kumanga popanda chilichonse. Mpaka lero amatchedwa York Factory First Nation, ndipo amabwererako nthawi ndi nthawi kukaona manda a makolo awo. Kwa iwo awa si malo oonetsera alendo chabe. Ndi kumudzi.

Kodi kampaniyo idakalipo? Nyumbayo ndi ya ndani?

Hudson's Bay Company inasanduka kampani ya masitolo akuluakulu a m'mizinda, ndipo inasiya malonda a zikopa kalekale. Mu Malichi 2025 inapita kukhoti chifukwa cha ngongole, ndipo pofika Juni chaka chomwecho masitolo ake onse anali atatsekedwa.

Zimenezi sizinakhudze Depot. Malowa analengezedwa kuti ndi a mbiri ya dziko mu 1936, boma linawatenga mu 1968, ndipo amasamalidwa ndi bungwe la Parks Canada. Mabuku a tsiku ndi tsiku a pamalopo, olembedwa pamanja, amasungidwa ku Winnipeg.

Munthu angathe kukaona?

Angathe, koma si ulendo wongodzukira. Kulibe msewu kapena njanji. Ambiri amafika kaye ku Gillam, n'kukwera boti la injini kutsika mtsinje wa Nelson, kuzungulira kunyanja n'kulowa mu Hayes. Ena amapita pa ndege yaing'ono, ndipo olimba mtima amapalasa bwato masabata angapo kutsata njira yakale ija. Nyengo yolandira alendo ndi yaifupi, cha mu Julayi ndi Ogasiti. Derali ndi la zimbalangondo zoyera, choncho simuyendayenda nokha mmene mufunira.

M'kati mwa nyumbayo mwayalidwa zinthu zimene zatoledwa pamalopo: makaliwo adothi othyoka, misomali yosula pamanja, zipolopolo za mizinga, mabotolo ndi zitsulo za masitovu. Zambiri zinatoledwa m'mbali mwa mtsinje, ndipo chifukwa chake chili pa funso lomalizali. Kutola kanthu n'kupita nako kwanu n'koletsedwa.

Kodi nyumbayo ili pangozi?

Inde, ndipo mdani wake si chisanu koma mtsinje. Gombe la Hayes ndi la dothi lofewa. Chaka chilichonse madzi oundana akamasweka amalipala, ndipo nthaka youndana ija ikasungunuka, zigawo zathunthu za gombe zimatsetserekera m'madzi. Malo akale amene panali York Factory isanasamukire pano anakokoloka kale, ndipo pamalo a lero mtsinje wadya kale pamene panali nyumba zina za kutsogolo.

Kutentha kwa dziko kukuwonjezera vutoli, chifukwa nthaka imene inkakhala youma gwa tsopano ikusungunuka mozama. Ma injiniya akhala akuyeza kutentha kwa nthaka, kukonza ngalande zochotsa madzi ndi kuyesa kulimbitsa gombe ndi zomera. Kuchita zambiri kuposa apo n'kodula kwambiri, popeza mwala uliwonse ndi makina alionse ayenera kufika pa boti kapena pa ndege, m'miyezi iwiri yokha ya pachaka. Luso la akalipentala a m'ma 1830 linali loteteza nyumba ku nthaka yotukuka ndi kutsika. Silingathandize nthaka yeniyeniyo ikagwera mumtsinje.